Gitala Imene Inaikidwa pa Guwa

Choyamba kuona chinali zikhadabo. Linali Lolemba, tili pa tebulo, mlamba wokazinga ndi therere zili pakati, ndipo amuna anga a Ozell anatambasula manja kuti tigwirane popemphera monga tichitira masiku onse. Zikhadabo za dzanja lamanja zinali zitakula, zopalidwa bwino m'mbali. Za kumanzere zinali zowengedwa mpaka pamnofu. Nditagwira dzanja lamanzerelo ndinamva matuza anayi kunsonga za zala.

Iwo anapemphera, kuthokoza chifukwa cha nsomba ndi mvula imene inagwa pa thonje la anthu.

"Zala zanu zatani?" ndinafunsa.

"Ndi waya uja ndikumangira matimati."

"Waya wake wosankha zala zinayi, chala chachikulu n'kuchikhululukira?"

"Earline, nsomba ikuzizira."

Woimba limba sasunga zikhadabo, chifukwa zimagogoda. A Ozell anali ataimba limba la kutchalitchi kwathu zaka zoposa makumi awiri, ndipo Loweruka lililonse ankakhala pakhonde n'kuwenga zala zonse khumi. Manja a mtundu winawu, zikhadabo kwina zazitali kwina zazifupi, ndinakula ndikuwaona kwa munthu mmodzi: bambo anga ondibereka. Iwo ankaimba gitala m'nyumba za mowa kuchokera m'tauni ya Clarksdale mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo anawatola m'ngalande ya m'mbali mwa msewu ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Pa maliro awo ndinauza Mulungu kuti atha kundipatsa mwamuna wosauka, wolumala kapena wonyansa nkhope, koma asandipatse wa nsambo.

Kutchalitchi kwathu tili ndi mwambo umene anatisiyira amene anayamba mpingo. Pa chitsitsimutso cha mu Ogasiti, munthu wotembenuka mtima amabwera ndi chinthu chimene chinkamumanga n'kuchiika pa guwa. Madikoni amachinyamula kupita nacho m'kachipinda ka kudenga, pamwamba pa vesitile, chipinda chovalira abusa chija, n'kukhoma. Sitiwotcha. Abusa oyamba ankati munthu azidziwa kuti unyolo wake ukadalipo, ali pamwamba pa mutu wake Lamlungu lililonse, koma osaubwerera. Chiyambire palibe chinthu chinatsikapo.

A Ozell anabwera mu Ogasiti wa 1979. Ine ndinali m'kwaya, ndinaona ndi maso angawa. Analowa akulira, botolo kudzanja lina, bokosi la gitala kudzanja lina. Mowa anakauthira pabwalo anthu akuwomba m'manja, ndipo bokosi analigoneka pa guwa osalitsegula. Mayi wokalamba amene ankaimba limba nthawi imeneyo anawatenga ngati mwana wake, n'kuwaphunzitsa. Patatha zaka ziwiri anandifunsira. Ndinavomera chifukwa cha bokosi lija. Zina zonse, kuseka kwawo, khama lawo pantchito, kuleza kwawo, ndinazikonda pambuyo.

Lachitatu ndinapita kwa Vergie Mae kukamuthandiza kusenda nandolo. Vergie ndi mnzanga wa paubwana, ndipo nyumba yake inayang'anizana ndi tchalitchi, moti ngakhale mphaka akadutsa pabwalo la mpingo iye amadziwa kumene akuchokera.

"Mlongo Earline, ukundidziwa kuti ine si wamiseche."

"Ndikukudziwa, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndisagwe."

"Seka ndithu. Kodi kwaya yayamba kuphunzira nyimbo masana?"

"Ayi."

"Nanga pikapu ya amuna ako, Mbale Tibbs, imatani kuseri kwa tchalitchi Lachiwiri ndi Lachinayi, dzuwa lili pamutu? Amaiimika kuseri, osati kutsogolo. Amalowa pakhomo la vesitile. Ndimatchera khutu kuti ndimve limba, koma zii. Limba lija ukulidziwa, akaliyatsa mbale zanga zimanjenjemera m'kabati. Ola lathunthu, Earline, kenako amatuluka thukuta lili chuchuchu, akuyenda ngati munthu woponda minga."

"Ali okha?"

"Mkazi sindinamuonepo, ndisanamizire Mulungu. Koma munthu safuna mnzake kuti apendeketse botolo."

Ndinamuuza kuti asende nandolo asiye amuna a eni.

A Ozell ankandiuza kuti masiku amenewo amapita kukawedza. Ndinayamba kuchita zinthu zimene sindinachitepo pa ukwati wathu wonse. Ndinkanunkhiza makolala a malaya awo ndisanachape. Ndinapisa m'matumba a ovolosi, n'kupezamo timawaya tiwiri tatifupi, tonyezimira, tina tokulungidwa ndi waya wina wosalala. Matimati samangidwa ndi zimenezo. Iwo ali m'bafa ndinatuluka kukasuzumira pansi pa mpando wa pikapu. Botolo munalibe. Munali kathumba ka masiwiti onunkhira timbewu. Ndikudziwa, munthu wa matenda a shuga amayenda ndi masiwiti kuopa kukomoka panjira, ndipo a Ozell shuga ali naye. Koma bambo anga nawonso ankatafuna masiwiti omwewo akamakhota pakona ya kwathu, kuti abise fungo la mowa.

Ndinagwada pambali pa bedi masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinati, Ambuye, Inu amene muona zobisika, ngati ndikuchimwira munthu wosalakwa ndikhululukireni. Koma ngati si choncho, musandisiye kukhala womaliza kudziwa monga zinawachitikira mayi anga.

Lamlungu ndinaima pakhomo ndi diresi langa loyera la olandira alendo, maso anga ali pa limba. A Ozell amaimba atavula nsapato ya kumanzere, chifukwa phazi limenelo ndi limene limaponda timatabwa ta pansi totulutsa mawu aakulu aja ogwedeza mabenchi. Ana onse a mumpingo anakula akuseka masokosi awo. Tsiku limenelo nsapato sanavule. Phazi linangokhala pambali ngati mlendo. Nyimbo inayenda, manja awo anachita zonse zimene akanatha, koma pansi panali pa mbee, ngati nyumba yopanda maziko. Pa nyimbo ya chopereka anayesa kuponda kamodzi, n'kuponda polakwika, ndipo Abusa anacheuka. Vergie anandiyang'ana kuchokera pa benchi yachitatu. Ine ndinayang'ana mbale ya chopereka.

Lachiwiri ndinawasiya apite. Atabwera analibe nsomba, ndipo mbedza zawo zinali zouma.

"Sizikudya masiku ano," anatero.

"Mwina zasala kudya," ndinayankha. Sanaseke, ndipo a Ozell ndi munthu woseka.

Lachinayi m'mawa ndinavala chipewa n'kupita kwa a Dikoni Crump, amene amasunga kiyi wa kachipinda ka kudenga. Ndi bambo wa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo akusoka ukonde. Atandiona anayamba kutsokomola.

"Mlongo Tibbs! Mwabwera kudzandifunsira? Mwachedwa, mano anatha."

"Ndabwera kudzatenga kiyi wa kudenga."

"Wa kudenga kuti? Kumwamba kiyi wake sindisunga ine, mwana wanga."

"A Dikoni, munanyamula bokosi la mayi anga pa maliro. Musandiseweretse."

Anaika ukonde pansi. Anayang'ana kumsewu, kenako kunyumba, ngati pali wina amene angawapulumutse. Pamapeto pake ananena motsitsa mawu kuti kiyi amagona pansi pa njerwa yachiwiri ya masitepe a vesitile, ndipo wakhala akugona pamenepo kuyambira Isitala.

"Ndiye tiyeni limodzi," ndinatero. "Ndinu munawatsegulira amuna anga."

M'vesitile muli makwerero achitsulo okhomeredwa kukhoma. Ndinavula nsapato n'kukwera, a Dikoni atatsala pansi akupemphera kuti ndisathyoke. Kudengako kunkatentha ngati mu uvuni. Kuwala kunkalowera pa kazenera kamodzi, ndipo ndinaona machimo a mpingo wathu wonse atafoleredwa pa mashelefu, fumbi lili mbuu: makadi a njuga omangidwa ndi mphira, mabotolo opanda kanthu, mfuti yadzimbiri, diresi lofiira limene mwini wake ndikumudziwa koma sindimutchula. Pakati panali posesedwa. Panali kabokosi kokhalira, botolo la madzi, ndi bokosi la gitala lopanda fumbi ndi pang'ono pomwe.

Botolo la madzilo ndinalitsegula n'kununkhiza, kenako ndinalawa. Anali madzi.

Ndinatsegula bokosi. Gitala inali ndi nsambo zatsopano zonyezimira. Zakale zinali zokulungidwa bwino pakona, zakuda ndi dzimbiri. Ndinainyamula, ndipo manja anga anachita zimene ndinaona bambo anga akuchita kambirimbiri: ndinaiika padiso ngati mfuti n'kuyang'ana m'litali mwa khosi lake. Linali lowongoka ngati muvi.

Bambo anga anamangidwapo miyezi khumi chifukwa cha ndewu. Gitala yawo inatsala pamwamba pa kabati nsambo zili zomanga, ndipo atatuluka anapeza khosi litapindika ngati uta. Analira kuposa mmene analirira pa maliro a mchimwene wawo, n'kutikalipira tonse kuti bwanji sitinamasule nsambo. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti munthu amene adzaifunanso gitala amaimasula nsambo asanaisunge. Miyezi khumi pamwamba pa kabati inapinda ya bambo anga. Iyi inakhala zaka makumi awiri ndi zinayi pansi pa malata.

"A Dikoni," ndinaitana pabowo la makwerero. "Amene anakweza bokosi ili kuno chaka chija ndani?"

"Ndine."

"Munalitsegula?"

Anatsokomola pansipo. Kenako anati, "Lamulo ndi lakuti tizitsegula. Wina anabisapo njoka."

"Nsambo zinali bwanji?"

"Mlongo Tibbs, ndi kale limenelo. Mutu wanga..."

"Zinali bwanji?"

"Zinali lendelende ngati zingwe zoyanikira zovala. Ndipo m'katimo anaikamo kansalu ka mafuta." Anapuma. "Ndinaona, n'kutseka. Ndinati mnyamatayu mowa wathira wonse pansi, zinazi aweruze Mwini wake."

Ndinakhala pa kabokosi kaja gitala ili pamiyendo. Ndinakumbukira mwamuna ndi mkazi aja a mumpingo woyamba, amene anagulitsa munda n'kubwera ndi gawo lokha, akunamizira kuti apereka zonse. Ndakhala ndikuphunzitsa nkhani imeneyo ku Sande sukulu zaka zambiri, ndipo sindinaganizepo kuti ndimagona nayo m'nyumba.

Panja panamveka pikapu ikuima kuseri. A Dikoni anati akumbukira kuti anasiya nyemba pamoto, ndipo ndinamva akutuluka pakhomo lakutsogolo mothamanga kuposa msinkhu wawo.

A Ozell anakwera pang'onopang'ono. Ndinkamva phazi limodzi likuponda, linalo likukokedwa, kenako kupuma. Mutu wawo utatulukira pabowo anandiona, ndipo anangoima pomwepo, theka m'mwamba theka pansi.

"Earline."

"Nsomba zikudya bwanji kuno?"

Anamaliza kukwera n'kukhala pansi, atatsamira shelefu.

"Bwerani pafupi," ndinatero. "Ndiuzireni mpweya kumaso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti zawapweteka. Koma anasendera n'kuuzira. Munali khofi ndi anyezi.

"Madontho amene ndinathira pabwalo paja anali omaliza," anatero. "Zimenezo ndikhoza kulumbira pamaso pa aliyense."

"Nanga Lamlungu lija munkaimba ngati munthu woledzera bwanji?"

Anamasula nsapato ya kumanzere, n'kuvula sokosi mosamala. Phazi linali lokulungidwa bandeji, lotupa, ndipo zala ziwiri zinali zitada. Ndinazindikira pomwepo chifukwa chake kwa miyezi itatu ankagona ndi masokosi m'nyengo yotentha, n'kumati akalamba, magazi azizira.

"Silikumva kanthu," anatero. "Ndikaponda sindidziwa chimene ndaponda. Dokotala wa ku Clarksdale akuti ziwirizi mwina zichoka, ndipo ndikapanda kusamala ndi phazi lonse."

"Ndipo mukukwera nalo makwerero achitsulo? Mwapenga? Mukadagwa muno, ndikadamva kwa Vergie!"

"Limba lopanda phazi ndi theka la limba, Earline. Abusa ayamba kale kufunsira woimba wina wa ku Greenwood, akuganiza kuti sindikudziwa. Sindikuwadandaula. Koma iwe sukudziwa chimene chinkandimwetsa ine. Sinali gitala. Unali uja chete wotsala nyimbo ikatha, anthu atapita, manja alibe chogwira. Mulungu anandichotsa kumeneko n'kundikhazika pa limba, ndipo sindinakhalepo sabata wopanda nyimbo m'manja. Tsopano akunditsitsa pa benchi. Ndikuopa. Ndi zimenezo basi, ndikuopa."

Mtima wanga unafuna kuwakumbatira. Sindibisa. Koma gitala inali pamiyendo panga, ndipo khosi lake linali lowongoka.

"Munamasula nsambo," ndinatero.

Anatseka maso.

"Usiku umene munalira pa guwa, ife tikuimba, mayi anga akukweza manja. Munali mutamasula nsambo n'kuikamo kansalu ka mafuta."

"Ndinamasula."

"Liti?"

"M'galimoto, pabwalo apo. Nyimbo yoitana anthu kutsogolo ili mkati."

"Ndiye munkadziwa kuti mudzaibwerera."

"Sindikudziwa chimene ndinkadziwa. Ndinkalira kale. Manja anangochita okha. Ndinati iyi sinalakwe kanthu, wolakwa ndine, ndiisiyirenji kuti ithyoke khosi m'mdima." Anapukuta thukuta ndi sokosi ija. "Pajatu mnyamata woweta nkhosa uja ankatonthoza mfumu yovutika mzimu ndi nsambo, osati ndi limba."

"Musandilalikire, a Ozell. Mnyamata ameneyo sankabisala kudenga, ndipo sankanamiza mkazi wake za matimati. Ine ndinavomera ukwati chifukwa cha bokosi ili. Mukudziwa. Ndinakuuzani tsiku limene munandifunsira."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinanene."

Malata ankalira ndi kutentha. Kenako ndinawapatsira gitala.

"Imbani."

"Earline, sindinafike poti..."

"Imbani ndimve chimene mwandinamizira."

Anaiika pabondo. Ndinkayembekeza kuti ndimva a Ozell akale aja ankadzaza nyumba za mowa, koma zala zawo zinali zitaiwala. Zinkatambasuka ngati zikufuna limba, n'kugwera pakati pa nsambo. Nsambo ina inkalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Chala chaching'ono chinkakana kupinda. Anaima kawiri, akugwedeza dzanja chifukwa cha matuza, n'kuyambiranso. Inali nyimbo yathu ya pa Mgonero, imene timaimba pang'onopang'ono mkate ukuyenda.

Atafika pa mzere wachitatu anakankha nsambo imodzi m'mwamba ndi chala, ndipo inalira ngati munthu. Kulira kumeneko ndinkakumva pakhonde pa mayi anga Loweruka masana, bambo akukonzekera kutuluka, ife tikudziwa kuti tiwaonanso Lolemba. Mawu a nyimbo anali a Ambuye, koma kulirako kunali komweko. Sindinadziwe ngati ndikumva pemphero kapena msewu wa ku Clarksdale.

"Basi," ndinatero. Anasiya.

Ndinatenga gitala, n'kuibwezera m'bokosi, n'kutseka.

"Chinthu ichi chinalowa pakhomo lakutsogolo mpingo wonse ukuona. Sichituluka pakhomo la kuseri. Lamlungu pa nthawi ya maumboni muimirira munene zonse. Za phazi, za kiyi, ndi za nsambo zomwe."

"Za nsambo n'zofunika? Andiyesa wonyenga zaka zonsezi."

"Mukasiya za nsambo, ndinena ndine."

Ndinatsika poyamba kuti ndiwagwire akaterereka. Kiyi ndinamuika m'chikwama changa. Kuchoka apo ndinawakweza pikapu, n'kuiyendetsa ndekha mpaka kwa dokotala.

Masiku atatu amenewo m'nyumba mwathu munali ngati mwa alendo. Ndinkawatsuka phazi m'mawa ndi madzulo, kulipaka mankhwala, kulikulunga, koma nkhope yawo sindinkaiyang'ana. Ndinkadzifunsa kuti ngati anabisa ichi zaka zonsezi, nkhope ili yosalala, akutsogolera nyimbo pa maliro ndi pa maukwati, china chimene anabisa n'chiyani? Ndinkadzifunsanso kuti nanga ine, zaka zonsezi ndinkakhulupirira Mulungu amene anasintha munthu, kapena loko wa pachitseko cha kudenga? Mafunso onsewo sanandipatse tulo, ndipo palibe limene linagonjetsa linzake.

Lamlungu Abusa atatsegula nthawi ya maumboni, a Ozell anatsika pa benchi ya limba atagwira ndodo. Ananena za phazi, ndipo anthu anati Ambuye chitirani chifundo. Ananena za kiyi, ndipo a Dikoni Crump anayamba kuwerenga matabwa a pansi. Kenako a Ozell anaima kaye. Ndinali nditagwira kale benchi kuti ndiimirire.

"Pali china," anatero. "Tsiku limene ndinaika gitala pa guwa ili, ndinali nditaimasula nsambo. Amene mukudziwa gitala mukudziwa tanthauzo lake. Mowa ndinaupereka wonse. Gitala ndinaipereka dzanja lina likadagwira. Ndinanamiza mpingo, ndinanamiza mkazi wanga. Mulungu yekha ndiye sindikadatha kumunamiza, anali nane m'galimoto muja. Ndikupempha chikhululuko. Ndipo ndikupempha kuti ngati mpingo ulola, gitala itsike, ndimutamande nayo masiku amene anditsalira. Mukakana ikhala komweko, ndipo kiyi sindidzamukhudzanso."

Zokupizira mphepo zonse zinaima. Woyamba kulankhula anali Vergie.

"Abusa, ine Mbale Tibbs ndimawakonda, anaimba pa maliro a mwamuna wanga mpaka ndinaona kumwamba. Koma chokwera kudenga kuja sichinatsikepo. Lero gitala, mawa wina afuna makadi ake kuti aziphunzitsira ana kuwerenga."

"Diresi lofiira lija likhale komweko, silingakukwanenso," anatero a Dikoni osadzutsa mutu.

Anthu anaseka osafuna, Vergie n'kukhala pansi akuwaloza ndi chokupizira. Koma ambiri anagwirizana naye. Ena anati gitala ndi ya m'nyumba za mowa, ena anati Mulungu analenga mtengo ndi waya yemwe. Abusa anawasiya kwa kanthawi, kenako anakweza dzanja.

"Abale, tikhoza kukangana mpaka nkhuku za m'khitchini zipserere. Koma tikalakwitsa pa nkhaniyi, amene adzadikira pakhonde si ine, si Mlongo Vergie. Mlongo Tibbs, mpingo umva kwa inu."

Ndinaimirira.

"Abusa, ndikadakonda kunena kuti mtima wanga wakhazikika, koma ndili m'nyumba ya Mulungu. Sunakhazikike. Bambo awa pa za mowa sanandinamizepo, zaka makumi awiri ndi ziwiri. Pa za gitala anandinamiza kuyambira tsiku loyamba. Ndaimva ikulira, ndipo inandikumbutsa zimene sindifuna kukumbuka. Sindikudziwa kumene idzawatengera. Koma lero anena okha chimene akadatha kubisa mpaka kumanda, ndipo ine ndinali wokonzeka kuwanenera. Ngati gitalayo ili ndi choipa, ndikufuna ilire pano, patsogolo pa guwa, tonse tikumva. Ndatopa kumvera kudenga. Itsike."

Abusa anafunsa mpingo, ndipo ameni anabwera, ena amphamvu, ena a m'mphuno. Vergie anangotsegula chikwama n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene munalibe.

Kenako tinazindikira kuti palibe wokaitenga. A Ozell dokotala anali atawaletsa, a Dikoni anati iwo anakweza, wotsitsa akhale wina, ndipo amuna ena onse anakhala ngati amatidwa pa mabenchi, palibe wofuna kukhala woyamba kutsitsa chinthu kudenga kuja. Ndinavula magolovesi anga oyera n'kupatsira Vergie kuti andigwirire. Anawalandira.

Ndinabwera nalo bokosilo kudzera pakati pa mabenchi, diresi langa litada fumbi m'mawondo, chipewa chitapendekeka. Ndinaliika pa guwa poyamba, n'kulitsegula pomwepo kuti aliyense aone, kenako ndinatulutsa gitala n'kuipereka m'manja mwa amuna anga. Wina anawabweretsera mpando. Ine sindinabwerere pakhomo pamene ndimaima. Ndinakhala pa benchi yoyamba, pafupi moti ndikadatha kugwira bondo lawo.

Anatenga nthawi yaitali akukonza nsambo, imodzi imodzi, khutu lili pafupi ndi thabwa. Mwana wina analira kumbuyo. Atayamba nyimbo analakwitsa pa mzere woyamba, n'kuima. Anayambiranso, n'kulakwitsa pomwepo. Ndiye a Dikoni Crump anayamba kung'ung'udza nyimboyo ndi mawu awo okalamba, akugunda pansi ndi chidendene, amayi a pa mabenchi a kumanja n'kulandira, ndipo gitala inapeza njira pakati pawo.

Ndime yoyamba ine sindinaimbe. Ndinkayang'ana nkhope ya a Ozell, kudikira mzere wachitatu. Unafika, anakankha nsambo ija, inalira, ndipo iwo anatsegula maso n'kundiyang'ana osathawa. Ndinalowa pa ndime yachiwiri, ndi mawu apansi, manja anga akuda atagwirana pamiyendo.